Kabokosi ka serial sikanapse, siyani kudina reset

"Kabokosi kapsa." Mawu amenewa ndatopa nawo. Magetsi akangozima n'kuyakanso kuno ku Zomba, foni imalira: sikelo sikuoneka pa kompyuta, inveta ya sola yasiya kutumiza manambala. Koma nthawi zambiri serial device server, kabokosi kaja kolowetsa makina a RS-232 kapena RS-485 (mitundu ya kalumikizidwe ka chingwe cha serial) pa netiweki, kamakhala kali bwinobwino. Chasokonekera ndi adiresi yake ya pa netiweki (IP).

Wokaika anakasiya pa DHCP, pomwe rauta imagawa yokha maadiresi, poti ndi zachangu. Tsiku limenelo rauta inakapatsa adiresi, pulogalamu ya pa kompyuta n'kuuzidwa yomweyo. Magetsi atabwera, mafoni a antchito analowa pa Wi-Fi kabokosi kasanadzuke, rauta n'kugawa maadiresi mwatsopano. Kompyuta ikugogodabe pakhomo lakale mwininyumba atasamuka. Kapatseni adiresi yokhazikika (static IP) yomwe rauta sigawa kwa ena, subnet mask (nambala yosonyeza malire a netiweki) ifanane ndi ya netiweki yanu, ndipo gateway (adiresi ya rauta yotulukira pa netiweki) ilembedwe ngati kompyutayo ili pa netiweki ina. Izi si zokambirananso.

Chimene ambiri sachidziwa ndi ichi. Pa kabokosi ka mtundu wa Moxa NPort, mukasankha TCP Server pa masetingi, kabokosi kamadikira pa port (khomo lolumikizira) 4001 ndipo kuchokera kufakitale kamalola kompyuta imodzi yokha. Ndiye kabokosi kali pa batire la sola, kompyuta ayi. Magetsi azima, kompyuta yafa osatsanzika, kabokosi kakuyesabe kuti mnzake alipo. Kompyuta ikadzuka, kabokosi kamakana kuilandira. Kamadikira mpaka nthawi ya TCP alive check (yofufuza ngati kompyuta ikadalipo) ithe, ndipo ya kufakitale ndi mphindi 7. M'mphindi zimenezo bwana wakalipa kale, wina wazula kale zingwe. Nthawiyo itsitseni ifike mphindi 1 kapena 2. Musaike 0, chifukwa pamenepo mwazimitsiratu kufufuzako.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya depoti ina yogula nandolo cha ku Thondwe. Vuto lawo linali la adiresi lomweli. M'malo moitana amene anaika makinawo, anatenga mnyamata wokonza mafoni, iye n'kulowetsa kawaya pakabowo ka reset. Zonse zinafufutika: adiresi inabwerera ku 192.168.127.254, baud rate (liwiro la kulankhulana) ndi parity (njira yofufuzira zolakwika) n'kubwereranso za kufakitale. Buku la sikelo linatayika kalekale, ndipo panalibe wokumbukira kuti sikeloyo imalankhula pa 9600 ndi even parity. Pa sikirini pankangotuluka tizilembo tosamveka. Nyengo yogula inali pachimake, kalaliki ankalemba makilo m'kope ndi bolopeni, alimi ali pamzere padzuwa akukangana naye za makilo awo. Anandiitana mochedwa, atagula kale kabokosi kena kosafunika.

Mnyamatayo anachitanso china choopsa. Kuti bwana aziona sikelo ali ku Blantyre, anatsegula port pa rauta kuloza ku kabokosi, pasiwedi ili ya kufakitale, Telnet (njira yolowera m'masetingi uli kutali) pa port 23 ili yotsegula. Aliyense pa intaneti akanatha kulowa n'kusintha chilichonse. Wofuna kuona ali kutali agwiritse ntchito VPN, njira yotetezedwa yolowera pa netiweki kudzera pa intaneti. Sinthani pasiwedi, tsekani Telnet, ndipo pa Accessible IP lembani makompyuta okhawo oyenera kulankhula ndi kabokosi. Zikayenda, sungani fayilo ya masetingi pa flash, adiresi ndi baud rate muzilembe pakapepala n'kumata pa kabokosi pomwepo. Wina akafika ndi kawaya m'manja asanakufunseni n'komwe adiresi ya kabokosi, mubwezeni pageti.

Timabokosi topsadi tilipo, makamaka mvula ikayamba mu Novembala ndi mphenzi za m'mbali mwa phiri. Kawirikawiri ndimapeza chingwe cha RS-232 chitakokedwa panja kuchoka nyumba ina kupita ina, pamene malire ake ndi mamita pafupifupi 15. Mtunda wotero ndi wa RS-485, yomwe imafika mamita 1,200, ndipo pafunika kabokosi kokhala ndi isolation (chotchinga magetsi oononga kuti asadutse) komanso waya wa earth womangidwa bwino.