Anna Rogel, mlaliki amene guwa lake linali bedi

Anna Rogel anabadwa m'chaka cha 1751 ku Merikarvia, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa dziko la Finland. Masiku amenewo dzikoli linkalamulidwa ndi mfumu ya ku Sweden, ndipo boma ndi mpingo wa Lutheran zinkayendera limodzi. Lamulo la 1726 linaletsa anthu wamba kusonkhana m'nyumba kuti apemphere popanda m'busa, kupatula mapemphero a pabanja. Ngati bambo wamba sankaloledwa kulalikira, nanji mtsikana wakumudzi?

Mu 1770 Anna anadwala mpaka kugwira bedi, asanakwanitse n'komwe zaka 20. Matendawo sanamusiye. Koma ali chigonere choncho, ankalowa m'tulo tachilendo ngati wakomoka, kenaka pakamwa pake nkuyamba kutuluka ulaliki: lapani, siyani zoipa, bwererani kwa Mulungu. Nthawi zina ankaimba nyimbo zauzimu. Mbiri inawanda, anthu nkumabwera kuchokera kutali kudzamva ndi makutu awo. Taganizani alimi ndi asodzi atadzazana m'nyumba yamatabwa, onse ali chete kumvetsera mtsikana wofooka amene sangathe kuimirira payekha! Chitsitsimutso chimenechi chinafalikira m'midzi yambiri ya m'mphepete mwa nyanjayo.

Anna sanali mtsikana woyamba kuyambitsa chitsitsimutso. Mu 1756 mtsikana wina woweta ng'ombe m'mudzi wa Santtio ku Finland komweko, Liisa Eerikintytär, anagwidwa ndi mantha aakulu chifukwa cha machimo ake, ndipo kulira kwake kunadzutsa anthu ambiri. Gulu lachikhristu lotchedwa Rukoilevaisuus, lodziwika ndi kupemphera chogwada, limati chiyambi chake ndi pamenepo. Anna sanalinso womaliza: Helena Konttinen wa ku Uukuniemi, amene anamwalira mu 1916, nayenso ankalalikira ali m'tulo. Anthu a ku Finland ali ndi dzina la alaliki otere, horrossaarnaaja, kutanthauza wolalikira ali chikomokere.

Ena amati anali matenda chabe, ena amati unali Mzimu Woyera. Ine mkanganowo sindiulowa. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mayi ankamvedwa pokhapokha anthu atakhulupirira kuti wolankhulayo si iyeyo. Anna akanaimirira pakhomo la tchalitchi ali maso nkunena mawu omwewo, akanamuyesa wamwano ndi woswa lamulo. Koma munthu wogona ungamuimbe mlandu wanji? Tulo tinamutsegulira khomo limene abusa ndi mafumu anatseka, ngakhale kuti mtengo wake unali thupi lodwala kwa zaka 14.

Anna anamwalira mu 1784 ali ndi zaka 32. Lamulo loletsa misonkhano lija linachotsedwa ku Finland mu 1870. Mpingo wa Lutheran wa m'dzikolo unadzoza amayi oyamba kukhala abusa mu 1988, patapita zaka 204 Anna ali m'manda, ndipo mu 2010 Irja Askola anakhala bishopu wamkazi woyamba, ku Helsinki.