Batire, alitaneta ndi mafuta: mafunso a madalaivala a ku Zomba

Mafuta akasowa kapena mtengo ukakwera, pa siteji ya ma Sienta m'tauni ya Zomba pamamveka nzeru zambiri zopulumutsira kalita kamodzi. Uyu akuti gulani batire lalikulu, uyo akuti zimitsani nyali. Koma lamulo lake ndi limodzi: injini ikamalira, magetsi onse amene galimoto ikudya amachokera m'thanki. Funso ndi loti ochuluka bwanji.

Alitaneta imazungulira kale ndi injini. Kodi magetsi ake si aulere?

Ayi. Alitaneta, chipangizo chopanga magetsi m'galimoto ndi kutchaja batire, imakokedwa ndi lamba wochokera ku injini. Pamene palibe chofuna magetsi ambiri, imapota mopepuka. Mukayatsa nyali, fani ndi waya wotenthetsa galasi lakumbuyo, mphamvu ya maginito m'kati mwake imakula, kuipota kumalimba, ndipo injini iyenera kukoka kwambiri. Yesani nokha galimoto itaima: yatsani nyali zowala kwambiri ndi fani nthawi imodzi, mumva kaliridwe ka injini kakusintha pang'ono. Pamenepo ndi pamene kompyuta ikuonjezera mafuta kuti injini isazime.

Palinso zotayika m'njira. Alitaneta wamba imasandutsa magetsi theka lokha, kapena kupitirira pang'ono, la mphamvu yomwe yalandira pa lamba. Nayo injini ya petulo imapindula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya m'mafuta, ikachita bwino. Zotsalazo zimathera kutentha.

Ndiye nyali zimamwa mafuta ochuluka bwanji?

Ochepa, ndipo apa m'pamene ambiri amasochera. Babu la halogen la nyali yakutsogolo limadya mawati 55. Awiri ndi 110, kuphatikiza nyali zakumbuyo ndi za pa dashibodi tinene kuti 150. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh, kutanthauza mawati 9,000 kwa ola lathunthu. Mukawerengera zotayika zija, nyali zoyaka ola lathunthu zimamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a lita, osadzaza n'komwe kapu ya tiyi.

Kuchoka ku Zomba kukafika ku Blantyre pa msewu wa M3 ndi makilomita pafupifupi 65, ulendo wa ola limodzi ndi kanthu, ndipo galimoto yaing'ono imamwa malita anayi kapena asanu. Munthu wochedwa kuyatsa nyali chisisira chitagwa pakati pa Thondwe ndi Namadzi, pomwe anthu oyenda pansi ndi akabaza amadzaza m'mbali mwa msewu, akugulitsa moyo wa munthu ndi timadontho ta petulo. Tchaja ya foni ndi wayilesi wamba zimadya timagetsi tochepa kwambiri. Zodya magetsi ambiri ndi izi zoonjezera tokha: zokuzira mawu zikuluzikulu m'buti ndi nyali zambirimbiri pa bampa.

Nanga AC?

Imeneyo ndi nkhani ina. Pa magalimoto ambiri kompuresa ya AC, yomwe ndi pampu ya makina oziziritsa mpweya m'galimoto, imakokedwa ndi lamba mwachindunji, osadzera ku alitaneta, ndipo imamwa kuposa nyali zonse pamodzi. Pa kutentha kwa Okutobala mukulowera ku Liwonde, kusiyana komwe mukuona pa geji ndi kwa kompuresa, osati batire.

Ndikaika batire lalikulu la N70 mu Vitz yomwe idabwera ndi laling'ono la NS40, mafuta achepa kapena achuluka?

Simuona kusintha kulikonse. Batire likadzaza, lalikulu kapena laling'ono, limangolandira timagetsi tochepa, ndipo alitaneta imatsala ndi ntchito yodyetsa nyali, pampu ya mafuta ndi zina. Kulemera koonjezerako sikufika ngakhale pa kwa mwana wa pulayimale atakhala kumbuyo. Chimene mwataya ndi ndalama zogulira, ndipo nthawi zambiri batire lotere silikwana pamalo pake, limamangidwa ndi chingwe kapena mphira, kenako limagwedezeka m'misewu ya fumbi mpaka kuonongeka m'kati. Gulani saizi yomwe wopanga galimoto adalemba, muonetsetsenso mbali yomwe mitu yake ili, chifukwa pali a L ndi a R.

Ndiye kuti kusankha batire sikukhudza mafuta konse?

Kumakhudza pawiri. Poyamba ndi batire lotopa kapena lomwe chipinda chake chimodzi chidafa. Lotere silidzaza, limangoyamwa magetsi ulendo wonse, alitaneta osapuma. Mafuta amapitako pang'ono, koma choopsa kwambiri ndi kupsa kwa alitanetayo. Kuyeza n'kosavuta kwa makaniko aliyense wa zamagetsi. Batire labwino lomwe lagona usiku wonse limaonetsa mavolti 12.6. Likamaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Injini ikulira, pa galimoto wamba payenera kuoneka pakati pa 13.8 ndi 14.4.

Kachiwiri ndi magalimoto ochokera ku Japan omwe amadzizimitsa okha mukaima, monga ma Demio, ma Note ndi ma Passo ena. Amenewa amafuna batire lopirira kuliza injini pafupipafupi, lolembedwa zilembo monga M-42, N-55 kapena Q-85. Mukaikamo batire wamba chifukwa ndi lotchipa, galimoto imasiya kudzizimitsa kapena batirelo limatha msanga, ndipo mafuta amene idapangidwa kuti izipulumutsa poima m'tauni amabwerera kukapsa. Magalimoto ambiri oterewa amachepetsanso kutchaja pamene mukuponda moto, n'kutchaja kwambiri mukamatsika liwiro. Choncho mita yoyezera mavolti ikamasinthasintha manambala musathamangire kunena kuti alitaneta yafa. Za Aqua ndi Prius musavutike kuifunafuna, zilibe alitaneta.

Magetsi akazima ndimayatsira nyumba ndi batire la galimoto. Pali vuto?

Mukulipira kawiri. Batire loliza injini silidapangidwe kuti lizikamulidwa mpaka pansi, ndipo nthawi iliyonse mukatero moyo wake umafupika. Kenako m'mawa mumasiya injini ikulira pabwalo kuti lidzaze. Injini yaing'ono yongolira chiimire imamwa theka la lita pa ola kapena kuposa apo, pomwe alitaneta pa liwiro lotsika chotero sipereka zambiri. Timaulendo ta Chinamwali kupita m'tauni kapena Matawale kupita kumsika nato sitikwanira kubwezeretsa. Batire lophwa litengereni pa tchaja ya magetsi a m'nyumba kapena ya sola.

Potsika phiri kuchokera ku Ku Chawe, ndizimitse injini kuti ndisunge mafuta?

Musayerekeze. Injini ikazima, mphamvu yothandiza mabuleki imatha mukaponda kawiri katatu, chiwongolero chimauma, ndipo msewu umenewo ndi wamakona okhaokha. Komanso simupindula kanthu. Pa galimoto ya injekishoni, yomwe kompyuta ndi imene imayang'anira mafuta olowa mu injini, mukatsika muli m'giya phazi litachoka pa moto, kompyuta imadula mafuta yokha, matayala ndi amene amazunguza injini, alitaneta n'kumatchaja batire ndi mphamvu ya mtsetse. Mukachotsa giya, injini imayambanso kumwa kuti isazime, ndipo ntchito yonse yogwira galimoto imatsalira mabuleki.

Amakaniko ena amazula mutu wa batire injini ikulira kuti aone ngati alitaneta ikugwira. N'zoyenera?

Musalole. Batire ndi limene limameza magetsi akalumpha mwadzidzidzi. Likachotsedwa, kulumphako kukhoza kuotcha kompyuta ya injini kapena tizipangizo ta m'kati mwa alitaneta totchedwa madayodi. Auzeni atenge mita, ayeze pa mitu ya batire injini itazima, ayezenso ikulira nyali zili zoyaka.