Akira Hasegawa ndi chipwirikiti cha mkati mwa plasma

Ana omwe ndimawaphunzitsa physics kuno ku Dedza akamva zoti asayansi akufuna kupanga magetsi ngati momwe dzuwa limapangira moto wake, amafunsa kuti aphunzitsi nanga chikuvuta nchani poti solar ya ku Golomoti ija ikugwira kale? Zinthuzi nzosiyana. Ku Golomoti timangokolola kuwala komwe kwafika kale, pomwe fusion ndi kuyatsa moto wa dzuwawo pansi pompano, kuphatikiza mitundu iwiri ya hydrogen, deuterium ndi tritium, kuti zipange helium nkutulutsa mphamvu zambiri. Pakati pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni, koma ife tilibe kulemera kwa dzuwa koti kuzifinya zinthuzo ndiye tikufunika kudutsa madigiri 100 miliyoni. Pa moto wotere ma electron amathothoka pa ma atomu, chotsalacho ndiye plasma, ndipo palibe chitsulo chingayigwire. Amayitsekera ndi maginito mu makina ozungulira obooka pakati otchedwa tokamak, nzeru ya Igor Tamm ndi Andrei Sakharov ku Soviet Union m'ma 1950.

Chomwe chinawazunza anthu zaka zambiri nchoti kutentha kumathawa mu plasma mwachangu kuposa momwe masamu awo ankanenera. Wakuba wake ndi chipwirikiti, turbulence. Mukudziwa akamvuluvulu a mu Okutobala aja, amangodzuka pa bwalo la mpira nkunyamula fumbi ndi mapepala kukazitaya kuseri kwa mpanda? Mu tokamak mumadzuka timakamvuluvulu tosawerengeka, tikutapa kutentha pakati nkukakutula kukhoma.

Apa mpomwe ndimamulemekezera Akira Hasegawa, wasayansi wa ku Japan. Anabadwira ku Tokyo mu 1934, anaphunzira ku yunivesite ya Osaka, PhD anakatengera ku yunivesite ya California ku Berkeley, kenako anagwira ntchito zaka zambiri ku malo ofufuzira za sayansi a Bell Labs ku America. Chakumapeto kwa ma 1970 iye ndi wasayansi mnzake Kunioki Mima analemba equation (chiganizo cha masamu) imodzi yaifupi yofotokoza momwe timakamvuluvuluti timayendera mu plasma yomwe ili mu maginito amphamvu, pano imangotchedwa Hasegawa-Mima. Chosangalatsa, inapezeka kuti ikufanana ndi yomwe Jule Charney, katswiri wa zanyengo, analemba kale pofotokoza mphepo zikuluzikulu za dziko lathu lomwe limazungulirali. Munthu wa plasma ndi munthu wa nyengo anali akulima munda umodzi osadziwana.

Tsono equation ija ikutiuza chiyani? Ife tinazolowera kuti chipwirikiti chimaphwanyika, chachikulu kukhala tating'ono mpaka kutha. Koma maginito akaikakamiza plasma kuti izingoyenda chopingasana ndi komwe maginitowo aloza, zinthu zimatembenuka, mphamvu imachoka ku tating'ono kupita ku zazikulu, mpaka pamapangika mizere ya plasma yoyenda motsatana koma pa liwiro losiyana, ina chakuno ina chauko. Amati ma zonal flow, ndipo mizere mumaiona pa zithunzi za Jupiter ija ndi achibale ake. Kakamvuluvulu kakafuna kudutsa pakati pa mizere iwiri yotere kamakokedwa mbali ziwiri nkung'ambika kasanafike patali ndi kutentha kuja. Ndiye kuti chipwirikiti chomwecho chimabereka chinthu chochiletsa. Hasegawa anapitiriza nkhaniyi ndi Masahiro Wakatani m'ma 1980, ndipo kwa ine iyi ndiye mfundo yokoma kwambiri mu physics yonse ya fusion.

Makina nawo anavomereza. Mu 1982 Friedrich Wagner pa tokamak ya ASDEX ku Germany anaona plasma ikusintha mwadzidzidzi nkuyamba kusunga kutentha pafupifupi kawiri kuposa kale, zomwe amati H-mode, ndipo lero zimafotokozedwa ndi kayendedwe komweka kong'amba chipwirikiti m'mphepete mwa plasma. ITER, tokamak yaikulu yomwe ikumangidwa ku Cadarache ku France ikudalira H-mode yomweyi.

Hasegawa sanali wa nkhani imodzi ayi, mu 1973 iye ndi Fred Tappert anaonetsa kuti kuwala kutha kuyenda mu fiber, kaulusi ka galasi kotumizira mauthenga, mtunda wautali osamwazika. Mu 2000 analandira James Clerk Maxwell Prize ya plasma physics.

Koma tisanamizane abale, palibe siteshoni ya fusion yomwe ikugulitsa magetsi pano. Tokamak ya JET ya ku UK mu 2023 inatulutsa ma megajoule 69 kwa masekondi ngati 5 basi, ndipo ITER siidzalumikizidwa ku mawaya a magetsi, ntchito yake ndi kuonetsa ma megawatt 500 kuchoka pa 50 olowetsedwa mu plasma. Kwathu kuno tidalirabe Shire ndi solar kwa nthawi yaitali. Chomwe ine ndikudikira kwa ITER ndi kuona momwe mizere ya zonal flow ija idzachitire plasma ikadzayamba kudzitenthetsa yokha ndi helium yomwe ikupanga, chifukwa palibe tokamak yomwe inafikapo pamenepo.