Mlandu wa Mayi Hamilton ndi ulemu umene anthu akuda ankamanidwa

Kum'mwera kwa dziko la America, m'nthawi ya malamulo atsankho a Jim Crow, mzungu sankaitana mayi wachikuda ndi dzina laulemu. Mkazi wachizungu anali Mrs. kapena Miss, koma wachikuda, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi gogo wa zidzukulu, ankangotchulidwa dzina loyamba ngati kamwana. Bambo wachikuda wa imvi ankamuitana kuti mnyamata. Umenewu unali mwambo chabe, koma mwambo wolimba moti munthu wakuda wouphwanya ankaika moyo wake pachiswe.

Gwero lake ndi ukapolo. Boma silinkavomereza maukwati a akapolo, ndipo mwamuna ankatha kugulitsidwa kutali, mkazi ndi ana n'kutsala. Ukapolo utatha mu 1865, mabanja ambiri anathamangira kukalembetsa maukwati awo. Tsono kumana mayi dzina loti Mrs. kunali kumuuza pamaso kuti banja lakelo silowerengeredwa.

Mu 1963 Mayi Mary Hamilton, omenyera ufulu a m'bungwe lolimbana ndi tsankho la CORE, anamangidwa pa zionetsero ku Gadsden, m'chigawo cha Alabama. M'khoti loya wa boma ankangowaitana kuti Mary. Iwo anakana kuyankha mpaka atawatchula Miss Hamilton, ndipo woweruza anawagamula kukhala m'ndende masiku 5 ndi kulipira madola 50. Mu 1964 Khoti Lalikulu la America linathetsa chigamulocho. Ine ndimawalemekeza kwambiri mayiwa, chifukwa anatemetsa nkhwangwa pamwala pa nkhani imene ambiri akanati n'njaing'ono.

Zaka za m'ma 1970 zitafika, zinthu zinatembenuka. Amayi omenyera ufulu wa akazi anayamba kukana kuti dzina lizionetsa ngati munthu ali pabanja, n'kusankha loti Ms., limene nyuzipepala ya New York Times inalivomereza mu 1986. Dandaulo lawo linali lomveka, koma kwa amayi ambiri achikuda dzina lakale lija loti Mrs. kapena Miss linali ulemu umene anali atangoupeza kumene atauvutikira.

Mu 1970 dokotala wachikuda wa maganizo ku yunivesite ya Harvard, Chester Pierce, analemba za timanyozo ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku timene timamudya munthu pang'onopang'ono. Mpaka lero madokotala ndi mapulofesa achikazi achikuda amadandaula kuti pamsonkhano anzawo aamuna amatchulidwa ndi udindo wawo, iwo n'kungoitanidwa dzina loyamba.