Kalata ya amfumu sikwanira pomanga m'nkhalango ya boma

Mwezi wathawu kuofesi kwanga kudabwera mkulu wampingo wina atanyamula kalata ya amfumu, yodindidwa bwinobwino. Mpingo wawo umakachezera kupemphera kuphiri Lachisanu lililonse, ndiye amafuna kumanga kachisakasa ka malata kobisalamo mvula, ndi chimbudzi chimodzi kuseri kwake. Simenti anali atagula kale matumba khumi. Nditawafunsa ngati malowo ali kumtunda kapena kumunsi kwa bikoni yosonyeza malire a nkhalango ya boma, adandiyang'ana nkuti, "Bikoni yake iti, bambo? Amfumu akuti phirilo ndi la makolo awo."

Amfumuwo sadaname. Koma phiri likalengezedwa mu Gazette, chikalata cholengezera malamulo a boma, kuti ndi nkhalango yotetezedwa, mphamvu yogawa malo pamenepo imachoka m'manja mwa nyakwawa, gulupu ngakhale T/A. Ntchito yanga ndi yolemba malipoti ounika momwe zomangamanga zingakhudzire chilengedwe, ndipo anthu ambiri amene ndawaona akutaya ndalama adalakwitsa poyambirira pomwepa, kupempha kwa munthu amene alibe choti apereke.

Choyamba muzidziwa mwini khomo loti mugogode. Nkhalango monga za phiri la Mulanje, Zomba, Dzalanyama, Soche ndi Ndirande zili pansi pa nthambi ya zankhalango, motsatira lamulo la zankhalango la 1997 lomwe lidakonzedwanso mu 2020 nkukhwimitsa zilango. Lamuloli limaletsa kukhala, kulima, kukumba msewu kapena kumanga chilichonse m'nkhalango yotetezedwa popanda layisensi, ngakhale khola la mbuzi. Malo osungirako nyama zakutchire monga Nyika, Kasungu ndi Lengwe ali pansi pa nthambi ina, yoona za nyama zakutchire, ndipo lamulo lake ndi la 1992. Ku Majete kuyambira 2003, komanso ku Liwonde ndi ku Nkhotakota kuyambira 2015, ntchito ya tsiku ndi tsiku ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks, koma nthakayo ikadali ya boma.

Pali chinthu chimene anthu amavutika kumeza. Chilolezo chimene mungapatsidwe n'chogwiritsa ntchito malowo basi. Chili ndi zaka zake, chili ndi malamulo ake, ndipo akhoza kukulandani mukaphwanya. Simungagulitse malowo, simungawalembe pa chuma chamasiye, ndipo mgwirizano ukatha nthawi zambiri mumapezamo mawu okuuzani kuti muchotse zanu nkubwezeretsa malowo mwakale, apo ayi nyumbayo itsale ya boma. Muziwerenga ndime imeneyo musanagule njerwa imodzi.

Kuti mumvetse, kwerani phiri la Mulanje, lomwe lidalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Pamwamba pake pali tinyumba togonamo okwera phiri, ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo pafupi ndi Sapitwa, Sombani ndi kwina. Mukafika mumapeza mlonda, akukolezerani moto, mumagona, mumalipira, m'mawa nkunyamuka. Palibe amene amati ndagonamo katatu ndiye chipindachi ndi changa. Ku Lichenya kulinso kanyumba ka mpingo wa CCAP, umboni woti nyumba ya mpingo itha kukhala m'nkhalango, koma modziwika ndi eni nkhalango. Kunyanja nkhani ndi yomweyo. Paki ya nyanja ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear udatsala mkati mozunguliridwa ndi paki, ndiye kumeneko mfumu ili ndi mawu pa malo. Koma mungopalasa bwato kufika pachilumba cha Mumbo, mawu amfumu atha. Malo ogona alendo pachilumbapo ndi a matabwa, udzu ndi matenti, zinthu zoti tsiku lina zitha kuzulidwa miyala nkutsala momwe idalili.

Apa mpamene ndimauza aliyense kuti pulani yanu ikhale yopepuka. Maziko a konkire, thanki ya chimbudzi pafupi ndi kasupe, msewu woti galimoto ifike pakhomo, zimenezi n'zimene zimaphetsa mapempho. Nthawi zambiri chimene chimadetsa nkhawa ofesala wa zankhalango ndi zimene zidzatsatire nyumbayo: nkhuni zophikira zidzachokera kuti, moto ukalusa adzazimitsa ndani, zinyalala zidzapita kuti. Ndipo akudziwa kuti chisakasa chimodzi chimabala anzake. Amene tidaona matope ndi miyala zikutsika phiri la Soche kupita ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa chifukwa chake amakaniza nyumba m'mbali mwa phiri. Kunena zoona, boma lenilenilo lidalekerera kwa zaka zambiri, anthu nkumaona ngati lamulo lidafa. Silidafe, limangodzuka tsiku limene simukuyembekeza.

Njira yake siyovuta kuifotokoza, kuyenda kwake ndiye kumafuna kudekha. Yambirani ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu, akakuonetseni malire pamalo penipenipo, osati pamapu pokha, chifukwa mabikoni ena adazulidwa kalekale ndi olima. Kenako lembani kalata yonena chomwe mukufuna kumanga, kukula kwake, zipangizo, chiwerengero cha anthu odzagwiritsa ntchito ndi zaka zimene mukupempha. Ofesi ya m'boma imayendera malowo nkutumiza maganizo ake kulikulu. Ngati ntchitoyo ndi yaikulu, monga loji, nsanja ya foni kapena thanki ya madzi, pamabweranso bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Mumawapatsa chidule cha ntchito, iwo nkugamula ngati pakufunika kafukufuku wathunthu wa ESIA, wounika momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, kapena ndondomeko yaifupi chabe. Layisensi ya zankhalango siilowa m'malo mwa satifiketi ya MEPA, ndipo khonsolo nayo imafuna kuona pulani ya nyumba. Chilichonse chikhale cholembedwa. Mawu a ofesala oti "pitirizani, tikuonani" amatha tsiku limene wasamutsidwa.

Kwa anthu a m'midzi yozungulira nkhalango pali khomo lina losavuta. Lamulo limalola mgwirizano wosamalira nkhalango pamodzi ndi boma, kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi. Alimi a njuchi ambiri amapachika ming'oma yawo m'nkhalango za boma kudzera njira imeneyi. Apa ndiye kalata ya amfumu imagwira ntchito, yochitira umboni kuti gulu lanu ndi lodziwika.

Mkulu wampingo uja tidakhala naye pansi nkulembanso pempho. Malata tidachotsa, konkire tidachotsa, patsala msasa wa mitengo yogula kunja kwa nkhalango, denga la udzu, ndi lonjezo loti mpingo uzilambula mseu wotchinga moto chaka chilichonse dzinja likatha. Kalata ya amfumu tidaiphatikiza kumbuyo. Yankho silinabwere, ndipo simenti ija akuti ayamba kuwakira khonde la tchalitchi isanaume m'matumba.