Zoti kutseka msewu kumapha malonda mtauni

Ndatopa nayo nkhani yakalekale ija yoti mukaletsa magalimoto pa msewu wa pakati pa tauni ndiye kuti mashopu afa basi. Ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, anatseka msewu wa Strøget mu 1962, eni masitolo ankaopa zomwezi koma mpaka lero anthu amadzadza kukagula. Chimafunika ndi pulani ya zaka zambiri, nyumba, maofesi ndi msika zikhale moyandikana, maminibasi azitsitsa anthu chapafupi, malole a katundu azilowa m'mamawa.

Kaimeni pakhomo pa golosale ola limodzi muwerenge obwera wapansi ndi otsika mgalimoto yawoyawo, muone mayi wanyamula jumbo ya tomato uja wabwera bwanji. Musamangofowada zoti mashopu afazi m'magulupu musanaziwerengere nokha chonde.