Dzino Likasiya Kuwawa Sikuti Lapola

"Linkawawa koma linasiya lokha." Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse pa ntchito yanga yothandiza odwala mano, ndipo ndatopa nawo. Dzino si chilonda cha pamwendo choti n'kupola chokha. Bowo likafika pa mtsempha wa m'kati, munthu amachezera usiku wonse atagwira tsaya. Mtsemphawo ukafa ululu umatha, koma tizilombo timatsikira kumuzu n'kuyamba kupanga mafinya m'fupa la nsagwada.

Pali mnyamata wina wazaka 9 amene sindimuiwala. Anabwera atatupa kuyambira m'tsaya mpaka kunsi kwa chibwano, thupi lili moto, malovu ali chuchuchu chifukwa kumeza kunkamukanika. Pakamwa pankangolowa chala chimodzi. Mayi ake anati, "Adokotala, ine ndimayesa ligweluka lokha ngati anzake aja." Sindinawakalipire, makolo ambiri amaganiza choncho. Mano oyamba a mwana amakhala 20, koma akafika zaka 6 kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu lotafunira, popanda lina kugweluka. Limenelo ndi la moyo wonse, likachoka sipameranso lina. Mwanayo tinamutumiza ku chipatala chachikulu usiku womwewo, poopa kuti chotupacho chimutseka kukhosi. Akanabwera bowo lidakali laling'ono, ndikanalimata ola lisanakwane, iye n'kubwerera kusukulu.

Anthu amatitcha "ozula mano", ngati ndi zokhazo zimene tinaphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences. Timamata mabowo, timapala zokakamira m'mbali mwa nkhama, timaona zilonda za m'kamwa zokayikitsa n'kutumiza munthu kwa madokotala akuluakulu. Timazula kwambiri chifukwa mumatipeza dzino litatha kale.

Nanga miyezi yonseyo mumakhala kuti? Kwa uja wokufukizani utsi n'kukuonetsani "mbozi" m'mbale ya madzi. M'dzino mulibe mbozi, abale anga. Ena amathira asidi wa batire, ena mafuta a mabuleki, ena amasinja asipirini n'kupaka pankhama. Amabwera nkhama zitapsa, dzino lowola lili pompo. Wina amagula makapusozi awiri pagolosale, kutupa kukaphwa pang'ono basi wachira. Aliyense wofuna kukugwirani m'kamwa, mufunseni ngati analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, bungwe limene limapereka chilolezo kwa ogwira ntchito zachipatala.

Amayi oyembekezera, inunso bwerani, timathandiza bwinobwino. Mungotiuza miyezi ya mimbayo. Ndipo kutupa kukayamba kutsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, kapena munthu akamavutika kumeza ndi kupuma, musadikire kuti kuche. Pezani njinga kapena galimoto usiku womwewo.